Galu akadwala m'mutu, musathamangire mwala

 Lero ndabwera ndi nkhani imene ena mwa inu muiona ngati yopepuka, mwinanso yosayenera munthu wa imvi ngati ine. Ndi nkhani ya galu. Ndikukupemphani kuti muleze mtima, muwerenge mpaka kumapeto, pakuti m'kati mwa nkhaniyi muli moyo wa ana athu, ndiponso muli funso limene tonsefe tiyenera kuliyankha: kodi timakhala anthu otani pamene chinthu chimene chinatitumikira mokhulupirika chafooka n'kusanduka mtolo pakhomo?

Pakhomo pathu panali galu dzina lake Tilipo. Sanali wa mtundu wapamwamba ngati aja amakwera galimoto m'tauni. Anali galu wachikuda, wofiirira, wa mchira wopindika, wokulira mikute ya kondowole ndi mitu ya usipa. Anakhala nafe zaka 11. Ankagona pakati pa nyumba ndi khola la ng'ombe, ankapirikitsa mbuzi za eni zikalowa m'munda wa chinangwa, ndipo ankaperekeza mayi akunyumba kunyanja mbandakucha pokachingamira asodzi. Usiku wina anauwa mosalekeza mpaka ndinatuluka ndi tochi. Ndinapeza mipiringidzo iwiri ya khola itazulidwa kale, mbava zitaliyatsa liwiro. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ng'ombe zimene zinapulumuka usiku umenewo ndi zomwe ndinkagulitsa imodziimodzi pophunzitsa mwana wanga wamkazi mpaka anamaliza sukulu.

Chaka chatha m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno ku Karonga likuswa mtengo, tinayamba kuona zachilendo. Tilipo ankayenda mozungulirazungulira pabwalo, nthawi zonse kulowera kumanzere. Nthawi zina ankaima n'kutsamiritsa mutu kukhoma la khitchini kwa mphindi zambiri, ngati munthu amene waferedwa. Ankagunda mtondo umene unakhala pamalo amodzimodzi kwa zaka zonse za moyo wake. Ife tinkangoti ndi ukalamba. Kenaka tsiku lina masana anagwa pansi n'kuyamba kuphupha, miyendo ikupalasa ngati akuthamanga, thovu likutuluka kukamwa, mkodzo ukungodzitayikira. Ana amene ankasewera pafupi anabalalika akukuwa m'Chitumbuka kuti ntcheŵe yafuntha, ndiko kunena kuti galu wapenga. Pasanathe mphindi zisanu pabwalo panga panadzaza anyamata, wina ndi chibonga, wina ndi njerwa, wina ndi mpini wa khasu.

Ndinaima pakati pa iwo ndi galuyo. Koma mundimvetse bwino, okondedwa: anyamata amenewo sanali oipa mtima, ndipo mantha awo sanali achabe. Iwo ankaopa chiwewe, ndipo chiwewe n'choyeneradi kuchiopa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti nthenda imeneyi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 amene amadwala chiwewe, pafupifupi 99 amachitenga kwa galu, ndipo gawo lalikulu la olumidwawo ndi ana osakwana zaka 15, chifukwa ndiwo amasewera ndi agalu ndiponso amabisa bala poopa kukalipiridwa. Zizindikiro za chiwewe zikangooneka pa munthu, chiyembekezo chimakhala chitatha. Choncho munthu amene waona galu akuphupha ndi thovu kukamwa n'kuganiza za chiwewe waganiza bwino. Pamene ndikutsutsana naye ndi pa chimene achite pambuyo pa ganizolo.

Mwala ndi chibonga si yankho, ndipo ndikupatsani zifukwa zitatu. Choyamba, ngati galuyo alidi ndi chiwewe, amene wamuyandikira ndi chibonga ndiye wadziika pakamwa pa imfa, pakuti kachilomboka kamakhala m'malovu, ndipo galu wovulazidwa amaluma kapena kuthawira m'mudzi kumene kuli ana. Chachiwiri, njira yotsimikizira chiwewe pa nyama yakufa ndi kuyeza ubongo wake. Akatswiri a ziweto amatenga mutuwo kapena kachidutswa ka ubongo n'kukayeza, monga amachitira ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Mukauphwanya mutuwo ndi njerwa n'kuusiya padzuwa, mwawononga umboni umene ukanathandiza banja la mwana wolumidwa kudziwa chimene akulimbana nacho. Chachitatu, si matenda onse a m'mutu mwa galu amene ali chiwewe. Galu amaphupha akadya tameki kapena mankhwala ophera tizilombo m'munda. Amaphupha ndi nthenda ya agalu okhaokha yotchedwa distemper. Amazungulira ndi kupendeketsa mutu akadwala m'kati mwa khutu. Alipo agalu a khunyu. Ndipo alipo ena, makamaka okalamba, amene amamera chotupa mu ubongo.

Sindikunena za galu wosadziwika mwini amene walowa m'mudzi akuluma aliyense ndi chilichonse. Pamenepo moyo wa munthu ndiwo uli patsogolo. Lowetsani ana m'nyumba, dziwitsani amfumu ndi alangizi a ziweto msanga, ndipo palibe amene angakudzudzuleni poteteza anthu. Ine ndikunena za galu wapakhomo, amene mwini wake alipo, amene angathe kutsekeredwa. Galu wotere mutsekereni pamalo poti sangatuluke, musamugwire ndi manja, ndipo itanani mlangizi wa ziweto. Galu amene chiwewe chayamba kuonekera sakhalitsa. Amafa pasanathe masiku 10. N'chifukwa chake akatswiri amalamula kuti galu wokayikitsa asungidwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku amenewo. Koma tamverani ichi: ngati pali munthu amene walumidwa kapena kukalidwa, ameneyo asadikire masiku 10. Atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chinapulumutsa Tilipo tsiku limenelo si ukulu wanga kapena mawu anga. Chinali kapepala. Mayi akunyumba analowa m'nyumba n'kutulutsa chiphaso chosonyeza kuti galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe chaka chomwecho, monganso zaka za m'mbuyo. Anyamata aja atachiona anatsitsa manja, ngakhale ena ankang'ung'udza. Galuyo atatsitsimuka tinamukusira ndi thabwa m'kachipinda kosungiramo makasu, n'kutseka chitseko. Mlangizi wa ziweto anabwera pa njinga yamoto m'mawa mwake. Anaona chiphasocho, anamusuzumira galuyo pazenera, ndipo anatiuza kuti ngakhale katemera alipo, tisunge lamulo la masiku 10 osaphonya. Chakudya ndi madzi tinkalowetsa pansi pa chitseko ndi ndodo yaitali. Masiku 10 anatha, Tilipo ali moyo, akudya, akumwa, akugwedeza mchira akamva mawu anga. Chiwewe sichinali. Koma kuzungulira kuja kunali kukulirakulira.

Apa m'pamene foni inatithandiza. Mdzukulu wanga anajambula mavidiyo a galuyo akuzungulira ndi akuphupha, n'kutumiza pa WhatsApp kwa mwana wanga amene amagwira ntchito ku Lilongwe, iye n'kukaonetsa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anatiimbira, ndipo anafunsa mafunso ambiri: zaka za galuyo, ngati anagwapo ali wamng'ono, mbali imene amazungulira, ngati amaona ndi maso onse awiri, ngati pafupi panathiridwa mankhwala. Atamva zonse anatifotokozera kuti khunyu lobadwa nalo limayamba galu akadali wamng'ono kapena wapakati, kawirikawiri asanapitirire zaka 6. Koma galu wa zaka 11 amene wayamba kugwa kwa nthawi yoyamba, akuzungulira mbali imodzi, akutsamiritsa mutu kukhoma, diso limodzi lasiya kuona, ndipo zonsezi zikukula pang'onopang'ono sabata ndi sabata, chimene dokotala amayamba kuganizira ndi chotupa cha mu ubongo. Ananenanso moona mtima kuti chitsimikizo chenicheni chimafuna makina ojambula m'kati mwa mutu, a MRI kapena CT, galu atagonetsedwa ndi mankhwala.

Ndikufuna mumvetse chimene chotupa chotere chili, chifukwa wina anali atayamba kale kunong'ona kuti galu wanga wachita kulodzedwa ndi amene ankafuna ng'ombe zija. Chotupa ndi mnofu umene umamera ndi kukula pamalo posayenera. Mwa agalu, chofala kwambiri chimatchedwa meningioma, ndipo chimayambira pa timinofu topyapyala timene timakuta ubongo. China chimatchedwa glioma, chimene chimamera m'kati mwenimweni mwa ubongo, ndipo chimakonda agalu a mphuno zazifupi monga a mtundu wa Boxer. Vuto lalikulu ndi lakuti chigaza ndi fupa, sichitamuka. Chotupa chikamera pamwendo chimatupira kunja, koma chikamera m'mutu chilibe kolowera; chimapanikiza ubongo, ndipo ubongo wozungulira pamenepo umatupanso. Mbali imene yapanikizidwa ndi imene imasokonekera: kuona, kuyenda, kukumbukira, khalidwe. Chotupachi sichipatsirana. Sichingachoke kwa galu kupita kwa munthu kapena kwa galu mnzake. Ndipo sichifuna mfiti kuti chimere.

Kumayiko olemera, ndiponso m'zipatala zikuluzikulu za ziweto ku South Africa monga cha ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria, galu wotere amajambulidwa, ena amachitidwa opaleshoni, ena amawotchedwa chotupacho ndi cheza champhamvu, ndipo moyo wawo umatalikirapo. Ine ndikuuzani poyera kuti njira imeneyo sinali yanga, ndipo ngakhale ndalamazo zikanapezeka sindikanaitsata. Tikukhala m'dziko limene kwa zaka zambiri anthu odwala khansa ofuna chithandizo cha cheza ankachita kutumizidwa kunja, ena n'kumwalira akudikira pamndandanda. Munthu amene angagulitse ng'ombe kapena kudya ndalama ya fizi ya mwana kuti atengere galu kunja, ameneyo chifundo chake chasowa nzeru. Galu si mwana, ndipo sindinayambe ndamutchulapo Tilipo kuti mwana wanga. Koma pakati pa kuwononga chuma cha banja ndi kuponya mwala pali njira ina yotakata, ndipo njira imeneyo ndi imene ndikukuitanirani.

Achipatala ali nalo dzina la njira imeneyi: chisamaliro chochepetsa ululu. Amene munadwazikapo m'bale wa khansa mwina munamvapo za Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena za Ndi Moyo ku Salima. Anthu ogwira ntchito kumalo amenewa anatiphunzitsa Amalawi kuti mawu akuti "sizingachiritsike" satanthauza kuti "palibe chochita". Ngakhale nthenda yakana mankhwala, ululu ungachepetsedwe, thupi lingasambitsidwe, mantha angatonthozedwe. Nzeru imeneyi inapangidwira anthu, ndipo anthu ndiwo oyamba kuilandira, koma kachigawo kake kakang'ono kamakwananso pa chiweto.

Dokotala uja analemba mankhwala a mitundu iwiri. Oyamba anali prednisolone, amene sachotsa chotupa koma amaphwetsa kutupa kozungulira chotupacho, motero ubongo umapumako. Achiwiri anali phenobarbital, ochepetsa kugwa. Anatichenjeza kuti oyambawo adzamupatsa ludzu, njala ndi kukodza pafupipafupi, ndipo achiwiriwo adzamugonetsa ndi kumuyendetsa dzandidzandi masiku oyambirira. Anatiuzanso kuti mankhwalawa saleketsedwa mwadzidzidzi, chifukwa kutero kumabweretsa kugwa koopsa kuposa kwa poyamba. Ndipo sanatinamize: anati tiyembekezere masabata kapena miyezi yochepa, osati zaka. Pasanathe sabata imodzi Tilipo anasiya kutsamira khoma, anayambanso kutuluka kudzandichingamira ndikamachokera kumunda. Ndalama zonse zimene ndinawononga kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza sizinafike pa mtengo wa mbuzi imodzi.

Pano ndiike chenjezo, pakuti safunsa anadya phula. Musatenge mankhwala a m'nyumba n'kumwetsa galu mwa nzeru zanu. Ibuprofen, amene ambiri timamudziwa kuti Brufen, amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso zake. Panado woposa muyeso amawononga chiwindi. Mlingo wa mankhwala a galu umayendera kulemera kwake, ndipo woudziwa ndi dokotala wa ziweto. Choposa zonse, ngati pakhomo pali munthu wodwala khunyu amene amalandira phenobarbital kuchipatala, musayerekeze kutapako ngakhale m'bulu umodzi kuti mupatse galu. Mankhwala amenewo anawerengedwa molingana ndi masiku a wodwalayo, ndipo kumuchotsera ndi kuika moyo wa munthu pachiswe. Galu akhale ndi mankhwala akeake, ogulidwa ndi chikalata cha dokotala wake.

Chisamaliro china chonse sichinafune ndalama. Tinamuyalira ziguduli pamthunzi, pamalo amodzi osasinthasintha, chifukwa galu amene maso akufa amayendera kukumbukira. Tinamutalikitsa ku moto wa m'khitchini, ku chitsime, ku nyanja ndi ku msewu wa M1, popeza galu wozungulira sadziwa kumene akupita. Madzi sankachoka pafupi naye, makamaka m'kutentha kwa Novembala. Nsima youma inayamba kumuvuta, choncho tinkamuphikira phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa wosinja. Akadzikodzera tinkamupukuta ndi kusintha ziguduli, chifukwa kuno kunyanja ntchentche sizichedwa kuikira mphutsi pa khungu lonyowa. Adzukulu tinawaletsa kumudzidzimutsa kapena kumukumbatira, pakuti galu wodwala m'mutu angathe kuluma ngakhale amene amamukonda, osati mwa nkhanza koma mwa kusokonezeka.

Akayamba kuphupha tinaphunzira kusachita phuma. Tinkachotsa zinthu zimene angadzigunde nazo, kuthamangitsa ana ndi phokoso, ndi kuyang'ana nthawi pafoni. Musalowetse dzanja kapena supuni m'kamwa mwa galu amene akuphupha. Sameza lilime lake, koma chala chanu angachidule. Kugwa kwambiri kumatha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwerezabwereza tsiku limodzi, pamenepo zafika poipa ndipo dokotala adziwitsidwe. Akatsitsimuka amakhala ngati mlendo pakhomo pake, choncho tinkamulankhula motsitsa mawu tili chapatali mpaka atatizindikira. Mdzukulu wanga wa Sitandade 7 ndiye anali mlembi. Anatenga kope lakale n'kumalemba tsiku lililonse: wadya kapena sanadye, wagwa kangati, wagwedeza mchira kapena ayi. Kope limenelo linadzatithandiza pa tsiku lovuta.

Tsopano ndiyankhe amene mukuwerenga mukupukusa mutu. Ndikudziwa chimene mukunena, chifukwa ena anandiuza pamaso: "Akulu inu, anthu akusowa mankhwala m'zipatala, ana akugona ndi njala, inu mukuphikira galu phala?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Ndanena kale kuti munthu ndiye woyamba, ndipo pakanakhala kusankha pakati pa mbale ya mdzukulu ndi mbale ya Tilipo sindikanaganiza kawiri. Koma tiyeni tinene zoona. Kodi amene amaponya galu wake mwala, ndalama imene wapulumutsayo amakaipereka kwa mwana wamasiye? Nthawi zambiri chimene timakana kupereka si ndalama, koma nthawi, kuleza mtima ndi kudzichepetsa kogwada pansi n'kupukuta mkodzo wa chinthu chimene sichidzatibwezera kanthu. Chifundo sichili ngati ufa wa m'thumba, woti ukatapako pang'ono kupatsa galu ndiye kuti wa anthu wachepa. Chimafanana ndi dzanja la mlimi, limene limalimba pamene likugwira ntchito.

Komanso galuyo sanadzibweretse yekha pakhomo panu. Munakamutenga ndinu, ali kamwana, chifukwa munkafuna kugona tulo mbava zikuopa. Walira mvula walira matope. Amene walandira zaka khumi za ulonda walandiranso miyezi iwiri ya kudwazika. Timakonda kutukwanira dzina la galu. Munthu wopanda khalidwe timamutcha galu, ndipo wosauka timati akukhala moyo wa galu. Koma ndiuzeni, ndani mwa awiriwa amene wasunga pangano: amene anagona panja pa mvula ndi udzudzu kukulonderani, kapena amene wamutaya tsiku limene wadwala? Inu amene mumawerenga buku la Miyambo, katsegulani mutu 12 ndime 10 mukafika kunyumba. Sindikuwerengerani pano, kadziwerengereni nokha.

Chifukwa chachikulu koposa ndinachiphunzira kwa mwana. Madzulo a tsiku la miyala lija, mdzukulu wanga wamng'ono anadzakhala pafupi nane pakhonde n'kundifunsa kuti, "Agogo, nanunso mukadzadwala mutu n'kumazungulira, anthu adzabwera ndi njerwa?" Ndinasowa poyambira. Mwanayo sankadziwa kuti wakhudza bala la dziko lathu. M'dziko muno agogo amene nzeru zayamba kuwathawa, amene amasochera usiku kapena kulankhula zosamveka, akhala akutchedwa mfiti, kumenyedwa, ena kuphedwa kumene. Ambiri mukukumbukira anthu anayi okalamba amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 powaganizira ufiti. Sindikuyerekeza munthu ndi galu, kutalitali. Chimene ndikunena n'chakuti dzanja limene limathamangira mwala likaona chinthu chosachimvetsa ndi limodzi lomwelo, ndipo limaphunzira ntchito yake likadali laling'ono. Ana athu amaonera pa ife mmene timachitira ndi chofooka, chokalamba ndi chosokonezeka mutu. Zimene aona pa galu lero adzazikumbukira tsiku limene ife tidzayambe kuiwala mayina awo.

Tilipo anakhala nafe masabata asanu ndi anayi kuchokera pamene anayamba mankhwala. Masabata asanu ndi limodzi oyamba anali abwino ndithu. Kenaka kope lija linayamba kusintha. Masiku olembedwa kuti "sanadye" anachuluka kuposa olembedwa kuti "wadya". Kugwa kunafika katatu pa tsiku. Miyendo yakumbuyo inaleka kumunyamula, ndipo usiku ankalira kulira kumene sindinakumvepo m'zaka zonse 11. Tsiku lina m'mawa ndinamuitana dzina, sanatembenuke, mchira osagwedera. Ndinakhala pansi ndi banja langa, tinawerenga kopelo limodzi, ndipo tinagwirizana kuti kupitiriza kumusunga sikunalinso kumuchitira iye chifundo koma kudzichitira ife, poopa kutsanzikana naye. Ichinso ndi chinthu chimene woweta ayenera kuchidziwa: pali nthawi imene chisamaliro chomaliza ndicho kulola kuti ululu uthe.

Koma kathedwe kake kali ndi njira. Ndaonapo agalu okalamba atapachikidwa pamtengo, ena atamangidwa m'thumba n'kuponyedwa m'nyanja, ena atapatsidwa tameki m'nyama, ena atatayidwa kutali m'mbali mwa msewu kuti akafe ndi ludzu. Imfa zonsezi ndi zowawa ndi zochedwa, ndipo tameki woikidwa pabwalo amaphanso nkhuku, amphaka, ngakhale mwana wokwawa. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nyama, lotchedwa Protection of Animals Act, limene limaletsa kuchitira chiweto nkhanza. Ife tinapangana ndi a za ziweto, ndipo anabwera ndi jakisoni wogonetsa amene amaperekedwa mopyola muyeso. Tilipo anagona pa chiguduli chake, dzanja langa lili pakhosi pake, ndipo pasanathe mphindi zochepa kupuma kunaleka mwakachetechete. Anatilangiza kukumba dzenje lakuya, chifukwa mankhwalawo amatsalira m'thupi ndipo angaphe chilombo kapena galu wina amene angafukule. Tinamukwirira kuseri kwa khola limene ankalilondera. Anyamata awiri mwa aja anabwera ndi njerwa ndi amene anandithandiza kukumba.

Pomaliza, okondedwa, ndikusiyireni zopempha zitatu. Choyamba, bayitsani agalu anu katemera wa chiwewe chaka chilichonse, ndipo chiphasocho muchisunge pamodzi ndi makalata ofunika a pakhomo. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa, chiwewe chimasowa podutsa. Si maloto ayi: mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Tsiku la 28 Sepitembala, limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa kamnyamata kolumidwa ndi galu pokabaya katemera woyamba. Mukamva kuti alangizi a ziweto akubaya agalu m'dera lanu, siyani khasu, mangani galu wanu chingwe, pitani naye.

Chachiwiri, galu wanu akayamba zachilendo, mutsekereni, tetezani ana, itanani mlangizi wa ziweto, ndipo dikirani masiku 10 musanaweruze. Chachitatu, zikadziwika kuti nthenda yake ndi yosachiritsika, musachite manyazi kumusamalira molingana ndi mphamvu zanu, ndipo nthawi yake ikakwana mumuthandize kupita mopanda nkhanza. Aloleni ana aone zonsezi, ndipo muwafotokozere chifukwa chake.

Mdzukulu uja ndinamuyankha patapita masabata angapo, tsiku limene tinkakwirira dzenje. Ndinamuuza kuti ndikadzadwala mutu, iyeyo ndi amene adzaime pakati pa ine ndi anthu, chifukwa waona mmene zimachitikira. Anavomera ndi mutu, n'kupitiriza kukankhira dothi ndi phazi lake.

 Amene muli ndi agalu okalamba pakhomo, kawayang'aneni madzulo ano ngati ali ndi madzi akumwa. Khalani bwino nonse.